Mtunda wa kuphiri umanamiza: mmene sikopu yodziyezera mtunda imagwirira ntchito

Alamu anga amagwira ntchito pa famu ina yoweta nyama zakutchire ku Limpopo, m'dziko la South Africa. Atabwera kudzaona ana mu Julayi anatenga kachipangizo kakuda kokwana m'thumba la jekete, kooneka ngati theka la mabayinokyula. Tsiku lina chakumasana, chifunga chitayera, tinakwera nawo kachitunda kuseri kwa mudzi wathu cha kuno ku Bembeke, limodzi ndi atsibweni anga amene pa unyamata wawo anali mlenje wa gogodera. Tsidya la chigwa kuli mwala waukulu wotuwa pamene mbira zimaothera dzuwa. Alamu anati aliyense anene kuti kuchokera pamene taimapo kukafika pamwalapo ndi mtunda wautali bwanji. Ine ndinati mamita 150. Atsibweni sawerenga m'mamita, anatsinzina diso limodzi, nati, "Mabwalo a mpira awiri, osakwananso bwino." Alamu anaika kachipangizo kaja padiso, nadina batani, natipatsa kuti tisuzumire tokha. M'kati munali manambala ofiira: 263.

"Akamwini, kanthu kanuka kakunama," anatero atsibweni.

"Iyayi bambo, sikanama. Chigwachi ndi chimene chakunamizani."

Alamu ananena zoona. Diso la munthu limayeza mtunda potsata nthaka imene likuiona: mizere ya m'munda, mitengo, zulu, tinjira. Pakakhala chigwa pakati, nthaka yambiri imabisika, ndipo za tsidya zimaoneka ngati ungazigwire ndi dzanja. Amene anayendapo wapansi kulunjika phiri la Dedza akudziwa: umati ndafika, koma dzuwa n'kupendeka usanafike n'patsinde pomwe. Kenako alamu anatiuza kuti alendo ena obwera kudzasaka pa famu yawo, makamaka a ku America ndi ku Ulaya, safunanso kachipangizo ka m'thumba kaja. Kawo kali m'kati mwa galasi loonera patali limene amamanga pamwamba pa mfuti, lomwe alenje amangoti sikopu. Munthu akaloza nyama n'kudina batani, sikopuyo imayeza mtunda yokha, n'kuyatsa kadontho kosonyeza pamene ayenera kuloza. Atsibweni anagwira pakamwa.

Kuti timve chifukwa chimene munthu angatayire ndalama zambiri pa chinthu chotere, tiyambire pa chipolopolo. Ambirife timaganiza kuti chimayenda mowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Sizili choncho. Chikangotuluka m'kamwa mwa mfuti, dziko limayamba kuchikokera pansi ndi mphamvu yomweyo imene limakokera pichesi lothothoka mumtengo. Mutataya chipolopolo chimodzi kuchokera m'manja, nthawi yomweyo china n'kutuluka m'mfuti yoloza mosakweza mosatsitsa, ziwirizo zingagunde nthaka pafupifupi nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti chinacho chikagwera kutali. Ndiye nkhani yonse yagona pa nthawi imene chipolopolo chakhala m'malere. Titenge .308 Winchester, chipolopolo chodziwika kwambiri pakati pa alenje, chimene chinatuluka mu 1952. Chimanyamuka ndi liwiro la mamita oposa 800 pa sekondi, koma mpweya umachibweza njira yonse, ndipo kuti chifike pa mamita 300 chimatenga pafupifupi magawo 4 mwa magawo 10 a sekondi. Kanthawi kosakwana n'kuphethira kawiri komwe, koma kokwanira kuti chitsike pafupifupi masentimita 80.

Pothana ndi zimenezi, sikopu amaimanga mwakuti paipi ya mfuti imakhala yodzutsa mutu pang'ono poyerekeza ndi kumene diso likuyang'ana. Chipolopolo chimakwera pang'ono n'kukakumana ndi mzere wa diso pa mtunda umene mwini mfuti wasankha, kawirikawiri mamita 100. Kumeneku ndiye kuseta mfuti. Pa mamita 100 pomwepo, pamene kamtanda ka m'sikopu, timizere tiwiri topingasana tolozera, kakhala ndi pamene chipolopolo chimagunda. Kupitirira apo chimayamba kutsika, ndipo katsikidwe kake sikofanana. Pa mamita 200, .308 imagunda masentimita 10 mpaka 15 m'munsi mwa kamtanda. Pa 300 ndi pakati pa 40 ndi 50, malinga ndi mtundu wa chipolopolo. Pa 400 ndi pafupifupi mita yathunthu. Mtunda ukungowonjezeka ndi 100 100, koma kugwako kukuswana ngati ngongole ya katapila.

Tsono tibwerere pamwala wa mbira uja, tiyerekeze kuti panaima mbawala. Mlenje amafuna mtima ndi mapapo, kuseri kwa mwendo wakutsogolo, malo osaposa kambale ka ndiwo. Ine ndi 150 wanga uja ndikanagunda masentimita oposa 20 m'munsi mwa pamene ndimafuna. Ndikanakhala ndi mwayi ndikanaphonya, fumbi n'kubuka pansi pa mimba, mbawala n'kudumpha yamoyo. Kupanda mwayi ndikanaithyola mwendo, iyo n'kuthawa ndi itatu, n'kukafera m'nkhalango patapita masiku, afisi n'kudyerera. Alenje enieni amaopa chachiwirichi kuposa kubwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo chipangizo chonsechi chinabadwira pa mantha amenewo.

Laser, kuwala kolunjika malo amodzi kopangidwa ndi makina, isanabwere, anthu ankayeza ndi timizere ndi timadontho tolembedwa pa kamtanda ka m'sikopu. Muyeso wake wodziwika ndi mil. Mil imodzi imaphimba masentimita 10 pa mamita 100, masentimita 20 pa mamita 200, choncho choncho. Ngati ukudziwa kuti chinthu ndi chotalika masentimita 60 ndipo m'sikopu chakwana mamil awiri, ndiye kuti chili pa mamita 300. Masamu ake ndi olondola, kungoti nyama sizifanana msinkhu, miyendo yake imabisika mu udzu, ndipo siziima kudikira kuti munthu amalize kuchulukitsa. Manambala amene mumaona pa sikopu, monga 4-16x50, ndi nkhani ina: akutanthauza kuti imakulitsa chinthu kuyambira ka 4 mpaka ka 16, ndipo galasi lakutsogolo ndi lalikulu mamilimita 50. Kukulitsako kumathandiza kuona, koma pa mtunda kumawonjezera bodza, chifukwa chakutali chimaoneka ngati chili pakhomo.

Laser yoyamba anaiyatsa Theodore Maiman ku California mu 1960. Dzinali likamatchulidwa limamveka ngati Leza wa uta wa Leza, koma palibe chibale. Asilikali ndi amene anayamba kuyezera mtunda ndi kuwala kumeneku, makamaka pa akasinja, ndipo zipangizo zake zinali zolemera ndi zodula. Anthu wamba anazigwira mochedwa. Kampani ya Leica inatulutsa mabayinokyula oyeza mtunda otchedwa Geovid mu 1992, ndipo Bushnell inabweretsa ka m'manja kotsika mtengo mu 1996.

Kagwiridwe kake ntchito n'kamene tonse tinakaphunzira tikuweta mbuzi. Ukakuwa m'chigwa, phiri limakuyankha, ndipo likakhala patali yankho limachedwa. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, n'chifukwa chake mphezi ikang'anima, masekondi atatu alionse amene bingu lachedwa ndi kilomita imodzi. Choyezera mtunda chimachita zomwezo, koma chimakuwa ndi kuwala. Chimaponya kakuwala kafupi kwambiri, kakuwalako kamakagunda chinthu, pang'ono pake n'kubwerera, ndipo kawotchi ka m'kati kamawerenga nthawi ya ulendo wonse. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kupita pa mamita 300 ndi kubwerako ndi mamita 600, ulendo wotenga magawo 2 mwa magawo miliyoni a sekondi. Kuti chipangizo chisiyanitse mamita 263 ndi 264, kawotchi kake kayenera kumva kusiyana kwa magawo osakwana 7 mwa magawo biliyoni a sekondi. Ine pamenepa mutu umaima, koma kachipangizo kokwana m'thumba la alamu kamachita zimenezi tsiku lonse. Sikaponya kamodzi ayi. Ukadina batani kamaponya kambirimbiri motsatizana, n'kusankha yankho limene likubwerezabwereza, chifukwa dzuwa nalo limalowetsa kuwala kwake kosokoneza.

Kuwala kumeneku sikuoneka ndi maso. Zipangizo zambiri za alenje zimagwiritsa ntchito kwa mananomita 905 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), pamene diso la munthu limalekeza cha pa 700. Choncho iwalani kadontho kofiira koyendayenda pachifuwa kamene mumaona m'mafilimu. Kadontho ka m'sikopu kamayaka m'kati mwa galasi momwemo, mlenje yekha ndiye amakaona.

Sikopu yodziyezera mtunda ndi zinthu zitatu m'chikopa chimodzi: magalasi oonera, choyezera cha laser, ndi kakompyuta kowerengera kagwedwe ka chipolopolo. Mwini wake amayamba wakauza kakompyutako za chipolopolo chake, liwiro lake ndi mmene chimaboolera mpweya malinga ndi kulemera ndi kaumbidwe kake. Zikalowa zimenezo, ntchito yatsala ndi kudina batani. Kampani ya Burris ya ku Greeley, m'boma la Colorado, inatchukitsa njirayi ndi sikopu yake ya Eliminator mu 2010: ikayeza mtunda imayatsa kadontho pa mzere wotsika wa kamtanda, m'munsi mwa pakati, ndipo mlenje amakweza mfuti mpaka kadonthoko kakhale pa nyama. Swarovski Optik ya ku Absam, m'dziko la Austria, inatulutsa ina yotchedwa dS mu 2017, yomwe kuwonjezera pa mtunda imayezanso kutentha, kulemera kwa mpweya ndi kupendekeka kwa mfuti, ndipo za chipolopolo umazilowetsa kuchokera pa foni kudzera pa Bluetooth. Sig Sauer inasankha njira yapakati mu 2018: choyezera chimakhalabe cha m'manja, koma chimatumiza yankho ku sikopu popanda waya.

Phindu lake lalikulu ndi nthawi. Alamu amati mlendo wokhala ndi zipangizo zapaderapadera amayamba waona ngoma ndi mabayinokyula, n'kuwasiya, n'kutenga choyezera, n'kuchisiya, n'kuwerenga kapepala kamene anamata pa thako la mfuti, n'kupotokola kachitsulo ka pamwamba pa sikopu, ndiyeno n'kuyamba kufunafuna nyama ija m'galasi. Pofika apo ngoma yasuntha mapazi 30 kapena yalowa m'thengo, ndipo muyeso uja watha ntchito. Wa sikopu yatsopano diso silichoka pa nyama.

Pali chinthu china chimene sikopu zabwino za mtunduwu zimawerengera, chomwe ife a kumapiri tiyenera kuchimva bwino chifukwa chimatsutsana ndi nzeru zobadwa nazo. Funsani munthu pamsika wa Lizulu kuti powombera chokwera phiri chipolopolo chigunda m'mwamba kapena m'munsi. Adzati m'munsi, poti chatopa ndi chitunda ngati njinga yosenza matumba a kachewere. Nanga chotsetsereka? Adzati m'mwamba, poti chathamanga ndi mtsetse. Wakhoza theka. Zoona zake n'zakuti konsekonse, chokwera ndi chotsika chomwe, chipolopolo chimagunda m'mwamba kuposa mmene chikanagundira pa chidikha.

Chifukwa chake nachi. Dziko limakokera chinthu pansi tsonga, osati cham'mbali. Ukawombera pa malo athyathyathya, mphamvu yonse yokokayo imapita pokhotetsa njira ya chipolopolo. Ukapendeketsa mfuti, gawo lina la mphamvuyo limayamba kukoka motsata njira imene chipolopolo chikuyenda, kuchibweza pang'ono ngati chikukwera kapena kuchikankha pang'ono ngati chikutsika, ndipo pa liwiro la mamita 800 pa sekondi zimenezo n'zosamveka n'komwe. Gawo lotsala lokha ndi limene limakhotetsa njira. Ganizirani munthu ataima pamwamba pa chitsime n'kuwombera pansi tsonga: chipolopolo sichingakhote ngakhale pang'ono, chingopita mowongoka. Ndiye mfuti ikamapendekeka kwambiri, kukhota kumachepa. Lamulo la alenje ndi lakuti uwerengere mtunda wopingasa, ngati kuti nyamayo yakwezedwa kapena yatsitsidwa kufika pa msinkhu wako, osati mtunda wa motsetsereka umene laser yayeza. Mutaima pa zitunda za msewu wotsikira ku Golomoti, chinthu chili mamita 300 m'munsi mwanu pa kupendekeka kwa madigiri 30, chipolopolo chimagwa ngati chayenda mamita 260. Pa madigiri 45 ndi ngati 212. Amene wakweza mfuti molingana ndi 300 pamene pakufunika 260 amagunda masentimita pafupifupi 15 m'mwamba, pamsana kapena kudutsa pamwamba penipeni. Kachipangizo koyeza kupendekekaku ndi kachibale ka kamene kamatembenuza chithunzi pa foni yanu mukaigoneka cham'mbali. Kwa ine, m'dziko la zitunda ngati lathu lino, apa ndi pamene sikopu yotere imaposa diso la mlenje aliyense, ngakhale wokalamba ndi mfuti.

Za mpweya amalonda amakokomeza. N'zoona kuti boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, phiri lake n'kufika pafupifupi 2,200, ndipo mpweya wa pa boma ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 poyerekeza ndi wa ku Beira, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Mozambique. Chipolopolo chimaboola mpweya wopepuka mosavuta, choncho mfuti yosetedwa kunyanja imagunda m'mwamba pang'ono ikakwera kuno. Koma pa mamita 200 kapena 300 kusiyanako ndi kwa zala ziwiri kapena zitatu. Kumayamba kuvuta kupitirira mamita 500, mtunda umene munthu wanzeru sawomberapo nyama.

Tsono laser nayo imanamizika, ndipo alamu anationetsa pomwepo. Analoza tsinde la mtengo cha patali ndithu, koma kachipangizo kanati 41. Kanagwira nsonga za tsekera zimene zinali pakati. Kuwala kwa laser sikuyenda ngati singano. Kumafutukuka kukamapita, mwakuti pa mamita 300 kumakhala kwakukulu ngati lichero. Gwape sadzaza licherolo lonse, ndiye kuwala kwina kumagunda iye, kwina nthambi ya kutsogolo, kwina mwala wa kumbuyo, ndipo chipangizo chimasankha chokha choti chikhulupirire. Mtunda wolembedwa pa bokosi nawo ndi woyezera pa chinthu chonyezimira, monga chikwangwani cha pamsewu kapena denga la malata. Ubweya wa nyama, makamaka wakuda ngati wa mphalapala yamphongo, umameza kuwala, ndipo mtunda woyezeka umafupika kwambiri. Dzuwa lamasana limafupikitsanso. Koma mdani wamkulu kuno kwathu ndi chifunga. Timadontho tamadzi ta m'chifunga timabweza kuwala kusanapite patali, ndipo m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Tsangano chipangizo chingathe kungokupatsa mizere yopanda nambala, kapena nambala yabodza ya pafupi. Kuzizira komweko kumafooketsanso mabatire. Likatha batire, sikopu yamtengo wa galimoto imasanduka galasi wamba, lolemeranso kuposa anzake.

Izi ndi zolakwika za pa ntchito imene chipangizo chimaidziwa. Palinso zina zimene sichidziwa n'komwe, ndipo yoyamba ndi mphepo. Kamphepo kogwedeza masamba ndi tinthambi mosalekeza, ka mamita 4 kapena 5 pa sekondi, kakamawomba mopingasa kamakankhira .308 pambali masentimita 20 kapena kuposerapo pa mamita 300. Kumeneko n'kuchoka pa mapapo kukafika m'matumbo. Sikopu zina zimaonetsa timizere tothandiza kukonza za mphepo, koma woyerekeza mphamvu yake ndi munthu, ndipo mphepo ya pamene wagona si imene ili pakati pa chigwa. M'miyezi ya mwera, m'mipata ya mapiri a Kirk, udzu wa tsidya lino umaweramira kwina, wa tsidya ilo kwina.

Sichidziwanso kuti nyama isuntha. M'kanthawi kamene chipolopolo chikuuluka mamita 300, nyama yongoyenda pang'onopang'ono, mita imodzi pa sekondi, yapita kale masentimita 40. Phazi limodzi lokha, bala lasamuka. Ndipo sichigwira mfuti m'malo mwa munthu. Paipi ya mfuti ikakhala yotalika masentimita 60, kutsogolo kwake kukangosuntha milimita imodzi poyerekeza ndi kumbuyo, pa mamita 300 ndi theka la mita. Amene anasuzumirapo m'sikopu yokulitsa ka 16 atangokwera chitunda amadziwa kuti kamtanda kamavina motsata kugunda kwa mtima wake.

Palinso bodza limene mwini wake amadzinamiza yekha. Kakompyuta kamakhulupirira chilichonse chimene wakauza. Liwiro lolembedwa pa paketi ya zipolopolo analiyezera pa mfuti ya ku fakitale. Yako ikakhala ya paipi yaifupi, chipolopolo chimatuluka mochedwerapo. Ukangokopera nambala ya pa paketi, kadontho kadzayaka molimba mtima pa malo olakwika, ndipo kulakwikako kumakula ndi mtunda. Njira yokhayo ndi kuwombera pepala pa mamita 200 ndi 300 pa malo ovomerezeka, n'kukonza manambala mpaka agwirizane ndi zibowo. Alamu amati pa famu yawo mlendo aliyense amayamba wawombera pepala asanalowe m'tchire, ndipo sasowa wina amene mfuti yake yasokonekera m'ndege.

Kumene zipangizozi zimagulidwa kwambiri, alenje okhaokha amakangana nazo. Bungwe la Boone and Crockett Club, limene Theodore Roosevelt ndi anzake anayambitsa mu 1887 ndipo limasunga kaundula wa nyama zikuluzikulu zophedwa ndi alenje ku North America, silivomera kulemba nyama yophedwa ndi mfuti ya sikopu yodziyezera mtunda. Maboma ena a ku America, monga Idaho, amaletsa zipangizo zamagetsi zotere pa mfuti yosakira nyama zikuluzikulu. Mfundo yawo ndi yakuti kusaka ndi mpikisano, ndipo nyama iyenera kukhala ndi mpata wogwiritsa ntchito maso, makutu ndi mphuno zake. Munthu akaiwombera ali kutali kwakuti singamumve n'fungo lomwe, kumeneko sikusakanso. Enawo amati chofunika ndi kuti nyama ife msanga osazunzika, ndipo chilichonse chochepetsa zovulala n'chabwino. Ine ndimaona kuti onse akunena zoona za anthu osiyana. Mlenje amene malire ake anali mamita 200, n'kugula sikopuyi kuti pa 200 pomwepo asamalakwitse, wachita bwino. Amene kadontho kamupatsa matama oyesa pa 600, mphepo asanaiphunzire, adzavulaza nyama zambiri kuposa kale. Ndipo malonda ambiri amakopa wachiwiriyu.

Chinanso chimene sindichikonda pa kuphatikiza sikopu ndi choyezera mtunda n'chakuti kuti uyeze mtunda wa chinthu, uyenera kuchiloza ndi mfuti. Ndi ka m'manja ungayeze mwala, mtengo, chulu, nyama isanabwere n'komwe, mfuti ili chigonere pambali. Ungayang'anenso chinthu chogwedezeka m'tchire n'kupeza kuti ndi mayi wotola nkhuni, osamuloza ndi chilichonse chakupha. Ndi sikopu yodziyezera, chidwi chilichonse chimatembenuza paipi.

Nanga kwathu kuno sikopu yotereyi ili ndi malo? Mtengo wokha ukuyankha mbali yaikulu: za Burris zimaposa madola 1,000, ya Swarovski imaposa madola 4,000, mfuti yosawerengera. Lamulo nalo lili ndi mawu. Kusunga mfuti kumafuna chiphaso cha apolisi, ndipo chiphaso cha mfuti si chilolezo chosakira. Chosakira chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, motsatira lamulo la 1992 limene linakhwimitsidwa mu 2017, mwakuti kupha njovu, chipembere kapena ngaka kungamuike munthu m'ndende mpaka zaka 30. Nkhalango za Chongoni, Dedza-Salima, Mua-Livulezi, Dzonzi ndi Mvai ndi zotetezedwa, si malo ongolowamo ndi mfuti paphewa. Nguluwe ndi anyani zimene zimavuta m'minda zimaoneka pafupi, m'zitsamba, pa mtunda umene chipolopolo sichinayambe n'kugwa komwe. Amene angapindule ndi kuyeza mtunda ndi monga madokotala a nyama zakutchire, chifukwa jakisoni wogonetsa nyama amauluka pang'onopang'ono ndipo amagwa msanga, mwakuti kulakwitsa ndi mamita ochepa ndi kuphonya. Koma iwonso ka m'manja kamawakwanira.

Ndipo pali nambala imene sikopu iliyonse siionetsa: kumene chipolopolo chikagwere chikaphonya. Cha .308 chikapita m'malere chingathe kuyenda makilomita oposa 3, ngakhale ka .22 kakang'ono kaja kamapitirira kilomita ndi theka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 m'boma la Dedza ndi oposa 600,000 ku Ntcheu. Kuseri kwa chitunda chilichonse kuli dimba, mjigo, sukulu kapena mwana woweta ng'ombe. Nyama yoima pamwamba pa chitunda, kumbuyo kwake kuli thambo lokhalokha, imaoneka bwino m'galasi kuposa ina iliyonse, laser imaiyezanso mosavuta, koma ndi yosawombera ngakhale kadontho katayaka bwanji. Mwala wa mbira uja, kuseri kwake kuli njira imene amayi amadzera popita kuchigayo.

Tikutsika kachitunda kaja ndinafunsa atsibweni kuti iwo ankayeza bwanji mtunda masiku a gogodera. Anati sankayeza. Ankatapa fumbi n'kuliwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera, n'kuzungulira kuti iziwawomba kumaso, kenako n'kukwawa. "Ndikaona khutu likugwedezeka kuthamangitsa ntchentche, ndinkadziwa kuti ndafika. Wonga unali wa kamodzi, mphwanga. Ukaphonya, pofika pothiranso wina nyama ili ku Mozambique." Anati nthawi zina ankakwawa theka la mmawa n'kubwerera opanda kanthu chifukwa nkhwali yabuka pafupi n'kuwaulula.

Alamu pobwerera ku Limpopo anawasiyira kachipangizo ka m'manja kaja, ati kunali kena kuntchito. Sabata yonse atsibweni anali pakhonde kuyeza dziko. Kukafika pa mjigo ndi mamita 412, pa mtengo wa malire a munda wawo ndi wa achemwali awo ndi 187, ndipo nambala imeneyo anailemba ndi khala pakhoma kuti mlandu wa malire ukadzabukanso adzaitulutse. Anayesanso kuyeza mwezi, kanakana. Pano kali m'thumba la jekete lawo, kozima. Batire lake ndi kakafupi kotchedwa CR2, ndipo ndazungulira mashopu a pa boma kawiri konse, aliyense akundionetsa a tochi ndi a wailesi.